Nyali za HID za pa galimoto

Nyali za HID ndi mtundu wa nyali zakutsogolo kwa galimoto zomwe kuwala kwake kumachokera ku moto wa magetsi wodumpha pakati pa tizitsulo tiwiri mkati mwa kagalasi kotsekeredwa mpweya. Zilembo za HID zikuimira mawu a Chingerezi akuti high-intensity discharge. Anthu ambiri amangozitchula kuti nyali za xenon, potengera dzina la mpweya womwe umakhala m'babu lake. Zimasiyana ndi nyali za halogen, zomwe zimawala chifukwa cha kawaya kamene kamatenthedwa ndi magetsi mpaka kuyera.

Babu la HID limawala kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa la halogen, chonsecho limadya magetsi ochepa. N'chifukwa chake eni magalimoto ambiri amafuna kuchotsa mababu akale n'kuikamo a HID. Kusinthaku kumatheka, koma babu ndi nyali yomwe limakhalamo zimapangidwa ngati chinthu chimodzi, ndipo kusintha babu lokha nthawi zambiri kumachulukitsa kuwala kothobwa anthu m'maso m'malo mothandiza dalaivala kuona patali.

Mbiri

Mpweya wa xenon unatulukiridwa mu 1898 ndi asayansi awiri a ku Britain, William Ramsay ndi Morris Travers. Dzina lake linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "mlendo". Panapita zaka pafupifupi 100 kuti mpweyawu ufike pa nyali za galimoto. Mababu a halogen ndi amene anayamba, ndipo loyamba la mtunduwu, lotchedwa H1, linatuluka ku Ulaya mu 1962.

Galimoto yoyamba kugulitsidwa ndi nyali za HID inali BMW 7 Series mu 1991, ndipo zipangizo zake zinapangidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany. Pa magalimoto opangidwa ku America zinaonekera koyamba pa Lincoln Mark VIII pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo makampani a ku Japan anayamba kuziika pa magalimoto awo cha mu 1996. Poyamba HID inkagwira ntchito pa dimu pokha, fulu n'kukhalabe ya halogen. Mu 1999 Mercedes-Benz CL inabwera ndi nyali za bi-xenon, zomwe babu limodzi limatumikira dimu ndi fulu yomwe. M'zaka za m'ma 2000 nyalizi zinatsika kuchoka pa magalimoto a anthu olemera n'kufika pa magalimoto wamba a Toyota, Nissan, Honda, Volkswagen ndi ena.

Mmene babu limagwirira ntchito

Pakati pa babu la HID pali kachubu ka galasi la quartz kosaposa kukula kwa nyemba. M'kachubumo muli tizitsulo tiwiri ta tungsten toyang'anizana, tosiyana ndi mpata wa mamilimita anayi ndi pang'ono. Mulinso mpweya wa xenon ndi michere ya zitsulo monga sodium ndi scandium, ndipo m'mababu akale mumakhalanso kadontho ka mercury. Kunja kwa kachubuka kuli galasi lina lomwe limatchinga cheza cha ultraviolet kuti chisawononge pulasitiki ya nyali.

Batire ya galimoto imapereka mavolti 12, omwe sangadumphe mpata umenewu. Choncho nyali iliyonse imakhala ndi kabokosi kotchedwa ballast pamodzi ndi choyatsira. Dalaivala akayatsa nyali, choyatsira chimakweza mphamvu ya magetsi kupitirira mavolti 20,000 kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo moto umadumpha kuchoka pa kachitsulo kena kupita pa kanzake. Ndi moto wofanana ndi umene umaoneka munthu akamawotcherera zitsulo, kungoti uwu ndi waung'ono ndipo ndi wotsekeredwa. Motowo ukangogwira, ballast imatsitsa mphamvuyo n'kuisunga pa mlingo umodzi, mavolti 85 kapena 42 malinga ndi mtundu wa babu.

Babu silifika pa kuwala kwake konse nthawi yomweyo. Xenon ndi amene amayamba kuwala, mobiriwira ngati mtambo, kenako kutentha kumasungunula michere ija n'kuisandutsa nthunzi, ndipo kuwala kumakula n'kuyera pakapita masekondi angapo. Ntchito yeniyeni ya xenon ndi imeneyi, yopereka kuwala msanga michere isanatenthe. Nyali zamtundu womwewu za m'mabwalo a masewero zimagwiritsa ntchito mpweya wa argon, ndipo zimatenga mphindi zingapo kuti ziwale bwino, zomwe sizingatheke pa galimoto yoyenda usiku.

Babu wamba la HID limadya mawati 35 n'kutulutsa malumeni pafupifupi 3,200. Babu la halogen la H7 limadya mawati 55 n'kutulutsa malumeni pafupifupi 1,500, pamene dimu ya babu la H4 imapereka pafupifupi 1,000. Opanga amati babu la HID limatha kugwira ntchito maola pafupifupi 2,000, pomwe la halogen limapsa pakati pa maola 450 ndi 1,000.

Mitundu ya mababu

Mababu enieni a HID amadziwika ndi chilembo D chotsatizana ndi nambala. D1 ndi D2 ali ndi mercury ndipo amayendera mavolti 85. D3 ndi D4 alibe mercury ndipo amayendera mavolti 42. Pa D1 ndi D3 choyatsira chinalumikizidwa kutsinde kwa babu, pomwe pa D2 ndi D4 chili pachokha. Mitundu yatsopano ya D5 ndi D8 imadya mawati 25 okha. Chilembo chakumapeto chimanena nyali yomwe babulo linapangidwira: S ndi la nyali ya pulojekita, yokhala ndi lenzi yobulungira kutsogolo, ndipo R ndi la nyali yodalira chonyezimira chakumbuyo. Babu la R limakhala ndi mizere yakuda yopakidwa pagalasi yotchinga kuwala kosafunika. Mitunduyi sisinthanitsidwa, ndipo tsinde la lililonse linadulidwa mosiyana dala kuti lisalowe pamalo pa linzake.

M'masitolo mumapezekanso mababu a halogen opakidwa utoto wa buluu omwe pabokosi amalembedwa kuti xenon. Amenewa si a HID. Mkati mwake muli kawaya ngati mababu ena onse, ndipo utotowo umachepetsa kuwala.

Kusintha kuchoka ku halogen

Pali njira zitatu zomwe anthu amatsata. Yoyamba ndi kugula nyali yathunthu ya HID yomwe kampani inapangira galimoto ya mtundu womwewo, pamodzi ndi ballast ndi mawaya ake. Yachiwiri ndi kutsegula nyali yakale n'kumangamo pulojekita ya HID, ntchito yofuna mmisiri woleza mtima chifukwa nyaliyo imayenera kutenthedwa kuti guluu afewe, kenako kumatidwanso bwino kuti madzi asalowe. Yachitatu, yotchipa komanso yofala kwambiri, ndi kugula zomwe amalonda amazitcha HID kit: mababu awiri a HID omangidwa pa tsinde la halogen monga H4, H7 kapena H11, ma ballast awiri ndi mawaya. Makaniko amatha kuzimanga mu ola limodzi. Mavuto ambiri ali pa njira yachitatuyi.

Nyali ya galimoto si chitini chongosungiramo babu. Chonyezimira chake chinaumbidwa motsatira malo enieni, kukula ndi maonekedwe a chinthu chotulutsa kuwalacho, ndipo kusuntha kwa milimita imodzi yokha kumasintha kumene kuwala kukupita. Kawaya ka halogen ndi kowongoka, kali ndi malire ooneka bwino, ndipo kamawala kwambiri pakati. Moto wa HID ndi wopindika, umakwera m'mwamba ngati uta chifukwa cha kutentha, m'mphepete mwake ndi mosalongosoka, ndipo umawala kwambiri kumapeto konse kuwiri pafupi ndi tizitsulo tija. Ngakhale wopanga kit atayesetsa kuika motowo pamalo pomwe panali kawaya, chonyezimira chimalandira chinthu chosiyana ndi chomwe chinapangidwira.

Zotsatira zake zimaoneka bwino galimoto ikayang'anizana ndi khoma. Dimu yabwino imakhala ndi mzere woonekeratu: pansi pake powala, pamwamba pake pamdima. Mzerewu ndi umene umateteza maso a dalaivala wobwera kutsogolo. Babu la HID likalowa m'nyali ya halogen, mzerewo umasokonekera, kuwala kumamwazikira m'mwamba ndi m'mbali, ndipo kwina kumaunjikana pansi pafupi ndi bampala.

Chodabwitsa n'chakuti mwini galimoto nthawi zambiri amakhutira. Amaona msewu wapafupi ukuwala mbee, zikwangwani zikunyezimira, mitengo ya m'mbali ikuoneka mpaka kunsonga, ndipo amaganiza kuti tsopano akuona bwino. Koma maso a munthu amadzisintha motsatira malo owala kwambiri amene akuwaona. Pafupi pakawala mopitirira, maso amalephera kutola zinthu zosawala zomwe zili kutali, monga munthu wovala zakuda kapena ngolo yopanda chonyezimira. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse, choncho chinthu chomwe chaonekera pa mamita 20 chaoneka mochedwa kale. Kuwala komwe kumapulumutsa moyo ndi kofika patali, osati kwa pamphuno pa galimoto.

Amene amavutika kwambiri ndi wobwera kutsogolo. Akathobwedwa m'maso amayenda kwa masekondi angapo osaona bwino, ndipo nthawi imeneyi imatalika munthu akamakula. Pa misewu yopapatiza yopanda magetsi, komwe oyenda pansi ndi apanjinga amagawana phula ndi malole, munthu amene amagundidwa nthawi zambiri si mwini nyali zowalazo kapena dalaivala wothobwedwayo, koma wina amene amayenda m'mphepete. Madalaivala ena akathobwedwa amabwezera poyatsa fulu, ndiye onse awiri amadutsana ali akhungu.

Babu la H4, lomwe limapezeka pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, pa mapikapu ndi pa minibasi, lili ndi vuto lakelake. Lili ndi tiwaya tiwiri, ka dimu ndi ka fulu, ndipo pansi pa ka dimu pali kambale kachitsulo komwe kamadula kuwala. Moto wa HID ndi umodzi wokha. Ma kit ena amangopereka dimu, mwini galimoto n'kutsala wopanda fulu. Ena amakhala ndi kamaginito kokoka babu kutsogolo ndi kumbuyo kuti moto usinthe malo, koma kulondola kwake sikufika pa kwa tiwaya tiwiri tomangidwa kufakitale. Nyali ya fulu yapayokha siyeneranso HID, chifukwa fulu imafunika kuwala nthawi yomweyo ikayatsidwa, ndipo kuyatsa n'kuzimitsa pafupipafupi kumafupikitsa moyo wa babu. Nyali za bi-xenon zinathana ndi vutoli mwanjira ina: babu limakhala chiyakire, ndipo kachitseko ka mkati mwa pulojekita ndi kamene kamatsika dalaivala akafuna fulu.

Kuika HID mu pulojekita yomwe inapangidwira halogen kumasiya mzere uja ukuonekabe, chifukwa umadulidwa ndi kachitsulo ka mkati. Komabe kagawidwe ka kuwala pansi pa mzerewo kamasintha, ndipo kuwala pang'ono komwe nyali imatulutsa dala pamwamba pa mzere kuti kuunikire zikwangwani kumawirikiza.

Palinso nkhani ya mawaya. Poyaka, ballast imakoka magetsi ambiri kuposa mmene imachitira ikakhazikika, ndipo mawaya opyapyala kapena otha amachititsa nyali kuphethira kapena kuyaka mbali imodzi. Amisiri amathetsa izi potenga magetsi ku batire kudzera pa relay ndi fyuzi yakeyake. Magalimoto omwe kompyuta yake imayang'anira mababu amatha kuonetsa chenjezo loti babu lapsa, chifukwa mawati 35 ndi ochepa poyerekeza ndi 55 omwe kompyutayo imayembekezera.

Mtundu wa kuwala

Pabokosi la mababu pamalembedwa nambala monga 4300K, 6000K kapena 8000K. Chilembo K chikuimira kelvin, ndipo nambalayi imanena mtundu wa kuwala, osati mphamvu yake. Ogula ambiri amasokoneza ziwirizi. Halogen imakhala cha pa 3200K, yofiirira pang'ono. Mababu a HID omwe makampani a magalimoto amaika amakhala cha pa 4100K mpaka 4300K, oyera, ndipo pamenepa ndi pomwe babu limatulutsa malumeni ochuluka. Nambala ikamakwera kuwala kumapendekera ku buluu, kenako ku pepo, ndipo malumeni amatsika. Babu la 10000K limaoneka lochititsa kaso pamalo oimikapo magalimoto, koma pamsewu limaunika pang'ono kuposa la 4300K, makamaka phula likanyowa ndi mvula. Anthu ambiri amamvanso kuwawa m'maso ndi kuwala kwa buluu kuposa koyera kapena kwachikasu.

Kabuluu komwe kamaoneka pa nyali zenizeni za HID galimoto ikamabwera patali sikachokera ku babu. Ndi lenzi ya pulojekita yomwe imagawa mitundu ya kuwala m'mphepete mwa mzere wa dimu. Ogula mababu a buluu amakhala akutsanzira chinthu chomwe pa nyali yeniyeni chimangooneka pa kamzere kopyapyala.

Malamulo

Maiko ambiri amatsatira malamulo a magalimoto a bungwe la United Nations loona zachuma ku Ulaya, UNECE. Lamulo nambala 98 limanena za nyali za HID, nambala 99 za mababu ake, ndipo nambala 48 za kamangidwe kake pa galimoto. Lamulo lomalizali limafuna kuti dimu ya babu loposa malumeni 2,000 ikhale ndi chipangizo chodziweramitsa chokha galimoto ikalemedwa kumbuyo, komanso chotsukira galasi la nyali, popeza fumbi ndi matope zimamwaza kuwala. Mababu a mawati 25 anapangidwa kuti asapitirire malire amenewa. Kit yogula m'sitolo sikhala ndi chilichonse mwa ziwirizi.

Nyali yovomerezeka pansi pa malamulowa imakhala ndi chilembo E mkati mwa kabwalo, pamodzi ndi zilembo zonena babu lake. HC, HR ndi HCR ndi za halogen, pomwe DC, DR ndi DCR ndi za HID.

Ku United States bungwe la boma la NHTSA linanena kuti ma kit osinthira halogen kukhala HID sagwirizana ndi lamulo la nyali lotchedwa FMVSS 108. Ku Britain, kuyambira mu May 2018, galimoto yomwe nyali zake za halogen zaikidwa mababu a HID imalephera mayeso a pachaka a MOT, ndipo mu 2021 lamuloli linakhudzanso mababu a LED. Ku Germany kusintha kotereku kumathetsa chilolezo choti galimotoyo iyende pamsewu.

Mbali ya msewu

Mzere wa dimu si wowongoka mbali zonse. M'maiko oyendera kumanzere, mzerewu umakhala wotsika kudzanja lamanja, komwe kumachokera magalimoto ena, ndipo umakwera kumanzere kuti uunikire oyenda pansi ndi zikwangwani. M'maiko oyendera kumanja zimakhala mosemphana.

Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa amayendera kumanzere, chimodzimodzi Japan ndi Britain. Choncho magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, omwe ndi ochuluka m'maiko amenewa, amabwera ndi nyali zoyenera misewu yake, ndipo ena mwa iwo amakhala kale ndi HID ya kufakitale. Vuto limabwera munthu akaitanitsa nyali kapena pulojekita pa intaneti osayang'ana msika womwe inapangidwira. Nyali yopangidwira America, Germany kapena China, komwe amayendera kumanja, ikamangidwa pa galimoto ya ku Lilongwe kapena ku Chipata imakweza kuwala kwake m'maso mwa obwera kutsogolo n'kusiya m'mphepete mwa msewu muli mdima, ngakhale itakhala yodula chotani. Pa nyali za chizindikiro cha E, yopangidwira kuyendera kumanzere imakhala ndi kamuvi koloza kumanja kwa munthu amene waima kutsogolo akuyang'ana nyaliyo. Yopanda muvi ndi ya maiko oyendera kumanja, ndipo ya muvi wa mitu iwiri imatha kutcheredwa mbali iliyonse.

Kutchera nyali

Nyali iliyonse ikasinthidwa imafunika kutcheredwa. Galimoto imaimikidwa pamalo athyathyathya moyang'ana khoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Opanga ambiri amalemba pa nyali nambala monga 1.0% kapena 1.2%, yomwe imanena mmene kuwala kuyenera kuweramira. Pa 1.0%, mzere wa dimu pakhoma lomwe lili pa mamita 10 uyenera kukhala masentimita 10 kutsika poyerekeza ndi msinkhu wa pakati pa nyali. Magalimoto ena ali ndi kagudumu pafupi ndi chiwongolero, kolembedwa 0 mpaka 3 kapena kupitirira, kotsitsira nyali galimoto ikanyamula katundu kapena anthu kumbuyo. Madalaivala ambiri sadziwa ntchito ya kagudumuka.

Nthawi zambiri nyali za halogen zikamaoneka zofooka vuto silikhala mtundu wa babu. Pulasitiki yakutsogolo imachita chikasu ndi dzuwa, chonyezimira chimasupuka, mababu amakalamba, ndipo magetsi amatayika m'mawaya akale ndi pamalo a dzimbiri pomwe waya amagwira thupi la galimoto. Babu la halogen limataya kuwala kochuluka ngakhale mavolti atatsika pang'ono chabe. Kupukuta pulasitikiyo, kukonza mawaya ndi kutchera nyali kumabweza kuwala kwambiri pa mtengo wochepa, ndipo babu la HID loikidwa kuseri kwa pulasitiki yachikasu limangomwaza kuwala koposa.

Kusamala ndi kukalamba kwa babu

Mphamvu ya magetsi yoyatsira babu ndi yoopsa. Asanagwire mawaya a nyali ya HID, mmisiri amazimitsa nyali, kuchotsa waya wa batire ndi kudikira kuti babu lizizire, chifukwa likatentha mpweya wa mkati umakhala wopanikizika kwambiri ndipo limatha kuphulika. Galasi la babu siligwiridwa ndi zala popeza mafuta a pakhungu amaliwononga likatentha. Babu siliyatsidwa lili kunja kwa nyali. Mababu a D1 ndi D2 satayidwa pamoto kapena pomwe ana angawaswe chifukwa cha mercury. Ku European Union mababu okhala ndi mercury analekedwa pa mitundu yatsopano ya magalimoto kuyambira mu July 2012.

Babu la HID silifa mwadzidzidzi ngati la halogen. Limazilala pang'onopang'ono moti dalaivala sazindikira, kuwala kwake kumapendekera ku buluu, ndipo likatsala pang'ono kutha limasanduka lapinki, kuphethira kapena kuzima lokha n'kuyakanso nyali ikazimitsidwa ndi kuyatsidwa. Magalimoto ambiri obwera atagwira kale ntchito zaka 10 amakhala ndi mababu omwe anachoka nawo kufakitale. Mababu amasinthidwa onse awiri nthawi imodzi kuti mbali ziwiri zifanane mtundu ndi mphamvu. Nyali imodzi ikakana kuyaka, amisiri amasinthanitsa mababu a kumanja ndi kumanzere: vuto likasamuka ndiye kuti ndi babu, likatsala pomwepo amayang'ana ballast ndi mawaya.

Kubwera kwa LED

Nyali za LED zinayamba kulowa m'malo mwa HID kuchokera pomwe Lexus LS 600h inatuluka ndi dimu ya LED mu 2007, ndipo Audi R8 inatsatira ndi nyali za LED yokhayokha. LED imayaka nthawi yomweyo, sifuna mavolti ochuluka ndipo ilibe mercury, moti magalimoto atsopano okhala ndi HID achepa kwambiri. M'masitolo a zipangizo za magalimoto mababu a LED olowa pa tsinde la H4 ndi H7 atenga malo omwe kale anali a HID kit. Nawonso amatulutsa kuwala kuchokera pa tizidutswa tathyathyathya toyang'ana mbali ziwiri, osati pa kawaya kowala mozungulira, ndipo mmene angagwirizanirane ndi chonyezimira cha halogen zimasiyana malinga ndi babu komanso nyali. Maiko ena a ku Ulaya, monga Germany kuyambira mu 2020, amavomereza mababu ena a LED otere, koma pa mitundu yokhayo ya magalimoto yomwe babulo linayesedwa m'nyali zake n'kupambana.